Mmene mungaonere nyama zakutchire pafupi ndi kwanu ndiponso pokwera mapiri

Munthu amene anakulira kumudzi n'kumapita kokumba mbewa anthu akatha kukolola amadziwa kale mbali yaikulu ya zimene zalembedwa pano. Amatha kusiyanitsa una umene muli mbewa ndi una umene unasiyidwa kalekale, amatsata mpita m'udzu popanda womulozera, ndipo akaona dothi lofukulidwa chatsopano amadziwa kuti mfuko wadutsa usiku womwewo. Luso limeneli ndi lomwe limafunika kwa munthu wofuna kuona nyama zakutchire, kungoti iye sanyamula khasu, satenga agalu ndiponso satentha tchire. Ambiri amaganiza kuti nyama zinatsala ku Liwonde, ku Majete ndi ku Nyika kokha, pamene afisi akukhala mkati mwa mzinda wa Lilongwe, m'nkhalango zotsatana ndi mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, ndiponso m'phiri la Michiru pafupi ndi Blantyre. M'Malawi muno mwalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 650, ndipo ina mwa iyo imatera pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yanu tsiku lililonse. Malangizo awa ayambira pakhomo chifukwa diso limene silinaphunzire kuona pakhomo limakafika pamwamba pa phiri n'kubwerako litangoona miyala ndi udzu.

Choyamba: sankhani malo amodzi ndipo muziwabwerera

Yendani mozungulira dera lanu masana n'kupeza pamene pakumana zinthu ziwiri zosiyana, monga pamene munda wathera n'kuyamba tchire, m'mphepete mwa dambo, pamene dimba lagundana ndi mtsinje, kapena m'munsi mwa chulu chachikulu chomera mitengo. Nyama zimakonda malo otere chifukwa chakudya ndi pobisala zimakhala pafupi. Ngati pali mkuyu umene ukupsa, musafunenso malo ena, pakuti nkhuyu zimaitana apumbwa, njiwa, nkhulukulu, agologolo ndi apusi masana, kenako mileme ndi achanga usiku. M'tauni mapapaya, magwafa ndi mango zimagwira ntchito yomweyo.

Fikani pamalopo kusanache bwinobwino, pafupifupi mphindi 30 dzuwa lisanatuluke, kapena madzulo kutatsala ola limodzi kuti lilowe. Khalani pansi mutatsamira tsinde la mtengo kapena mwala kuti thupi lanu lisaonekere patali ngati chinthu choimirira pachokha, foni muitseke mawu, ndipo galu atsale kunyumba. Mukangofika, mbalame ndi tinyama timakhala chete chifukwa takuonani, ndipo pamatenga mphindi 15 kapena 20 kuti tiiwale za inu n'kuyambiranso zochita zake. Anthu ambiri amanyamuka nthawi imeneyi isanakwane n'kumanena kuti kulibe kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona kwenikweni. Chinthu chikayenda, tembenuzani maso poyamba, mutu pambuyo pake ndiponso pang'onopang'ono, chifukwa nyama zambiri zimazindikira msanga chinthu choyenda kusiyana ndi chinthu chongokhala.

Bwererani pamalo omwewo masiku angapo pa sabata. Pakatha mwezi mudzakhala mutadziwa nthambi imene gulo amaotherapo dzuwa, nthawi imene nkhwali zimatsikira kumadzi, ndi njira imene nyenga amadutsa popita kuseri kwa khola.

Chachiwiri: konzani bwalo la mchenga kuti muphunzire mapazi

Nyama zambiri zoyandikana ndi anthu zimayenda usiku, motero njira yosavuta yodziwira kuti zilipo ndiyo kuzisiyitsa mapazi. Pezani pamene pali kampata pa mpanda, panjira yopita kumadzi kapena pakamwa pa kalavati. Lambulani malo okwana mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, thiranipo mchenga wosefa kapena dothi losalala losakaniza ndi phulusa, muwaze madzi pang'ono madzulo ndipo musalaze ndi kathabwa. Musaikepo chakudya, chifukwa nyama yozolowera kudya pakhomo imadzafika pa nkhuku, ndipo mapeto ake imaphedwa. M'mawa pitani nkhuku ndi ana asanapondepo. Imani moti mapaziwo akhale pakati pa inu ndi dzuwa, pakuti dzuwa likakhala m'munsi limaponya kamthunzi m'kati mwa phazi n'kulionetsa bwino, pamene masana dzuwa lili paliwombo phazi lomwelo limazimirira.

Funso loyamba ndi lakuti kodi zikhadabo zikuoneka. Galu, nkhandwe ndi fisi zimasiya zikhadabo kutsogolo kwa zala, pamene mphaka, vumbwe, njuzi ndi nyalugwe zimabisa zikhadabo poyenda ndipo phazi lake limakhala lobulungira. Phazi la fisi ndi lalikulu, pafupifupi masentimita 10, zala zake n'zopindika ndi zothinana, ndipo lakutsogolo limaposa lakumbuyo moonekeratu, zomwe zimagwirizana ndi mmene thupi lake linatsetserekera kumbuyo. Mukayang'ana chidendene, cha fisi chimakhala ndi timapiri tiwiri kumbuyo pamene cha nyama za mtundu wa mphaka chimakhala ndi titatu. Fungwe amasiya phazi lofanana ndi la kagalu, ndipo la mwiri limafanana ndi la kamphaka. Nungu imaponda ndi phazi lonse, ndipo kawirikawiri pambali pamakhala timizere ta minga yokwekwereza. Nyani amasiya dzanja longa la mwana, chala chachikulu chili padera. Katumbu wa m'mitsinje yathu amasiya zala zisanu zobulungira zopanda zikhadabo pamatope. Ng'azi imadziwika ndi mzere wa mchira pakati ndi zikhadabo zazitali uku ndi uku.

Ziboda zogawanika pakati n'zimene zimasokoneza anthu chifukwa mbuzi zili ponseponse. Chiboda cha mbuzi n'chobuntha kutsogolo ndipo nthawi zambiri chimatakasuka, pamene cha gwape n'chaching'ono, chosongoka ndi chothinana bwino. Cha mbawala chimaposa cha gwape pang'ono. Nguluwe imasiya chiboda chobulungira, ndipo pamatope pamaonekanso tiziboda tiwiri takumbuyo, komanso imasiya malo ofukulidwa ngati pakhala pakulimidwa. Njoka zambiri zimasiya mzere wokhotakhota, koma mphiri ikamayenda mosafulumira imasiya mzere wowongoka ndi wotakata, ndipo ndi bwino kuuzindikira mzerewu ngati uli pafupi ndi pamene ana amasewera.

Phunziraninso kudziwa msinkhu wa phazi. Latsopano limakhala ndi m'mbali mwakuthwa, pamene lakale limagumukira mkati, limagweramo masamba ndipo tizilombo timakhala titadutsapo. Ngati kunagwa mvula usiku ndipo m'phazimo mulibe timaenje ta madontho, nyamayo yadutsa mvula itasiya. Jambulani chithunzi mutaika bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, chifukwa chithunzi chopanda choyezera chingachititse phazi la mphaka kuoneka ngati la nyalugwe.

Chachitatu: musanyansidwe ndi ndowe ndi zotsalira

Ndowe imanena zambiri kuposa phazi, chifukwa imaulula nyama ndi chimene yadya. Ya fisi ikauma imayera ngati laimu chifukwa cha mafupa amene amatafuna. Fungwe amakhala ndi chimbudzi chake chimodzi chimene amabwererako masiku onse, ndipo mukapeza mulu waukulu wodzaza ndi nthangala za zipatso ndi timphete ta abongololo pambali pa njira, dziwani kuti mwini wake amadutsa pamenepo. Ya katumbu imakhala pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje ndipo imadzaza ndi zigoba za nkhanu. Ya kalulu ndi timibulu tobulungira ta udzu, pamene ya gwape ndi timibulu takuda tosongoka mbali imodzi. Mvuu imamwaza ndowe ndi mchira pa zitsamba, ndipo njira yake yochokera m'madzi imakhala ndi mizere iwiri, udzu utatsala pakati. Gwiritsani ntchito kamtengo pofufuza ndipo musambe m'manja ndi sopo pambuyo pake.

Pansi pa denga la tchalitchi, la sukulu kapena la nyumba yosiyidwa mungapeze timibulu ta ubweya touma. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu kenako n'kulavula ubweya ndi mafupa, ndipo mukaswa kambulu kamodzi ndi kamtengo mupezamo chigaza cha mbewa ndi mano ake. Ndimafuna kuti aliyense amene amagenda kadzidzi pomuganizira ufiti ayambe waswa timibulu khumi n'kuwerenga zigazazo, chifukwa mbalame imene akuithamangitsayo ndi imene ikulondera nkhokwe yake usiku. Zizindikiro zina ndi minga ya nungu yogwera panjira, makungwa otafunidwa m'munsi mwa mtengo, nzimbe kapena mapesi odulidwa mopendekeka ndi ntchenzi, chikopa chofundula cha njoka, ndi ubweya wokodwa pa waya wa mpanda.

Chachinayi: phunzitsani makutu

M'nkhalango yowirira mudzamva nyama zambiri kuposa zimene mudzaone. Changa wamkulu amalira usiku ngati khanda, ndipo anthu ambiri amaopa kulira kumeneku osadziwa kuti n'kwa kanyama kodya zipatso, utomoni ndi tizilombo. Mbawala ikadzidzimuka imauwa kamodzi kapena kawiri ngati galu. Nyani wamphongo amaboola phiri lonse ndi mfuu yake ya mawu awiri. Nyalugwe amamveka ngati munthu wocheka thabwa ndi sowo. Kulira kwa fisi kumayambira pansi n'kukwera kumapeto, ndipo usiku wabata kumamveka pa mtunda wa makilomita angapo.

Chofunika kwambiri ndi kumva pamene nyama zikuchenjezana. Apumbwa ndi timbalame tina tikasonkhana pachitsamba chimodzi n'kumalalata mosalekeza, pamenepo pali njoka, kadzidzi kapena mphaka, ndipo mukayandikira mosamala mudzachiona. Gologolo akamalira atayang'ana mbali imodzi, tsatirani maso ake. Kafukufuku amene anachitika ku Amboseli m'dziko la Kenya n'kusindikizidwa mu 1980 anasonyeza kuti apusi ali ndi kulira kosiyana pochenjeza za nyalugwe, za chiombankhanga ndi za njoka, ndipo anzawo amathawa mogwirizana ndi chenjezolo: kukwera mumtengo, kuyang'ana kumwamba n'kulowa m'chitsamba, kapena kuimirira ndi miyendo iwiri n'kuyang'ana pansi. Mukakhala ndi gulu la apusi kwa masiku angapo mudzayamba kuzisiyanitsa nokha.

Chachisanu: tulukani ndi tochi usiku, koma pafupi ndi nyumba

Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali, ndipo mukhale awiri. Gwirani tochi pafupi ndi diso lanu, m'mbali mwa mutu, chifukwa kuwala kwa maso a nyama kumabwerera kumene kwachokera, ndipo tochi ikakhala m'chiuno simudzakuona. Unikani pang'onopang'ono m'nthambi za mitengo ya zipatso ndi ya mthethe. Maso awiri ofiira amene akudumpha kuchoka panthambi ina kupita pa ina ndi a changa. Diso lofiira pansi pamsewu wafumbi kawirikawiri ndi la lumbe, ndipo timadontho tonyezimira m'udzu ndi maso a akangaude. Usiku ndi nthawi yabwinonso yopezera nadzikambe, chifukwa akagona kunsonga ya kanthambi amatuwa n'kumaoneka bwino pakati pa masamba, pamene masana mungamudutse kambirimbiri. Nadzikambe alibe ululu uliwonse, ngakhale ambiri tinakula tikumuopa.

Musaunike nyama m'maso kwa nthawi yaitali. Mukaipeza, sunthani kuwala kuti kugwere pambali, kapena phimbani tochi ndi pepala lofiira la pulasitiki. Mileme muziyang'ane ikudya mango kapena ikutuluka m'denga madzulo, koma musaigwire ndi manja. Ngati m'dera lanu mumayenda afisi, mvuu kapena njovu, ulendo wa usiku uthere pabwalo la nyumba.

Chachisanu ndi chimodzi: konzekerani ulendo wa kuphiri

Sankhani malo ndi nyengo molingana ndi chimene mukufuna kuona. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala utauma kapena utapsa ndipo nyama zikuluzikulu zimasonkhana pamadzi, motero ino ndi nthawi ya ku Liwonde, ku Majete, ku Vwaza ndi ku Lengwe, kumene kuli timisasa tobisalamo pafupi ndi maiwe. Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi nthawi ya mbalame zochokera kutali monga anamzeze a ku Ulaya, ndiponso ya achule, anadzikambe ndi maluwa a ku Nyika. Phiri la Mulanje limakwereka bwino mvula ikatha, koma m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kutseka phiri ndi nkhungu kwa masiku angapo, ndipo ku Nyika, kumene malo ambiri ali pamwamba kuposa mamita 2,000, madzi amatha kuundana usiku m'mwezi wa Juni ndi Julayi.

M'malo osungirako nyama a boma saloleza kuyenda pansi popanda msilikali wa zanyama, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chake. Ku Majete anabwezeretsako mikango mu 2012, ku Liwonde mu 2018, ndipo ku Nkhotakota kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 m'zaka za 2016 ndi 2017, motero nkhalango zimene makolo athu ankadutsamo zili zopanda kanthu lero zili ndi eni ake. Pa Mulanje lembetsani ku ofesi ya zankhalango, monga ya ku Likhubula, ndipo mutenge wolondolera njira wa m'deralo. Mumuuze poyambirira kuti cholinga chanu ndi kuona nyama, chifukwa olondolera ambiri anazolowera alendo othamangira kukafika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo mukapanda kunena adzakuyendetsani mofulumira mpaka kumpanda wa nyumba yogona. Ambiri mwa iwo amadziwa bwino mwala umene pamakhala mbira ndi chigwa chimene mumagona nchima, ndipo amasangalala akafunsidwa.

Valani zovala zamtundu wa dothi kapena wa masamba, zosachita phokoso poyenda. Kumalo kumene kuli kashembe pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa zimamukopa. Musadzole mafuta onunkhira kwambiri. Tengani madzi okwanira, chipewa, chovala cha mvula ndi mphepo, kabuku ndi pensulo, ndiponso magalasi oonera patali ngati mungawapeze. Gulu lisapitirire anthu anayi, chifukwa anthu akachuluka nkhani siitha.

Chachisanu ndi chiwiri: yendani ngati munthu wosaka

Nyamukani m'bandakucha. Musanalowe m'tchire, tapani fumbi pang'ono n'kulisiya kuti ligwe kuchokera m'zala, kapena gwedezani kansalu komangamo phulusa, kuti muone kumene mphepo ikulowera. Yendani moti mphepo ikuombeni kumaso, pakuti ikachokera kumsana imanyamula fungo lanu n'kukaliperekeratu kwa nyama musanafike. M'mapiri mphepo imakonda kutsika m'zigwa usiku ndi m'mamawa, kenako n'kuyamba kukwera dzuwa likatentha, motero muziyesanso nthawi ndi nthawi. Ngati njira ikulola, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti nyama ziziwala pamaso panu.

Yendani masitepe 20 kapena 30, kenako imani n'kuyang'ana kwa mphindi yathunthu. Yambani pafupi, pitani pakati, malizani patali. Musamayembekezere kuona nyama yathunthu itaima poyera ngati ya pachithunzi. Funani khutu limene lagwedezeka, mchira umene wakupiza ntchentche, mzere wopingasa wa msana pakati pa mitengo yoimirira, kapena mchira wolendewera kunthambi. Mukafika pamwamba pa chitunda musatulukire mwadzidzidzi, koma weramani n'kusuzumira pang'onopang'ono, chifukwa munthu woima pamwamba pa chitunda amaoneka kuchigwa chonse. Mukaona kanthu musaloze ndi mkono wonse kapena kufuula, koma gwirani mnzanu paphewa. Nyama ikadzutsa mutu imani pomwepo, ndipo musunthe ikayambiranso kudya, mukuyenda chammbali osati molunjika kwa iyo.

Malo aliwonse ali ndi pofunika kuyang'ana. Pamatanthwe a Mulanje, a Zomba ndi a Dedza funani mizere yoyera yotsika pamiyala, imene ndi mkodzo wouma wa mbira, ndipo mukhale moyang'anana nayo dzuwa likamatuluka, chifukwa mbira zimatuluka kudzaothera. Pamene pali mbira zambiri yang'ananinso kumwamba, pakuti chiombankhanga chakuda chokhala ndi zoyera pamsana chimadalira mbira pa chakudya chake. Chinkhoma chimaima pamwamba pa mwala ndi nsonga za ziboda, kawirikawiri ziwiriziwiri, ndipo chimaliza kamluzu chikakuonani. M'nkhalango zobiriwira za m'zigwa imani pansi pa mitengo ya zipatso n'kumvetsera zipatso zikugwa kapena nthambi zikugwedezeka popanda mphepo, chimene ndi chizindikiro cha nchima. M'nkhalango za Mulanje muli anadzikambe amene sapezeka kwina kulikonse, ndipo akatswiri atafuna dzina la gulu la mmodzi wa iwo anatenga mawu athu omwewa n'kulitcha Nadzikambia. Anyalugwe akadalipo m'mapiri ena, koma amene amawaona ndi ochepa kwambiri, ndipo mukapeza phazi lake pamatope kapena ndowe yodzaza ubweya panjira, muwerenge kuti ulendo wapindula.

Ku Nyika zinthu n'zosiyana chifukwa dziko ndi loyera ndipo mbidzi, nchefu, achilembwe ndi mphoyo zimaoneka patali. Kumeneko khalani m'mbali mwa chitunda pafupi ndi malo ogona alendo a Chelinda n'kufufuza chigwa chilichonse ndi magalasi, makamaka m'mphepete mwa timankhalango ndi pamene udzu wanthete ukuphuka moto utadutsa.

Dzuwa likakwera, cha m'ma 10 koloko, nyama zambiri zimabisala. Pezani mthunzi pamalo okwera oyang'ana dziwe kapena kamtsinje, mphepo ikuchokera kumene kuli madziwo, ndipo mupume pamenepo mpaka madzulo.

Chachisanu ndi chitatu: dziwani malire

Nyama ikasiya kudya n'kumangokuyang'anani, mwayandikira kwambiri, ndipo muyenera kubwerera. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, makamaka m'mamawa pamene ikubwerera kuchokera kodya, ndipo musaime kapena kukhala m'mphepete penipeni mwa Shire, Bua kapena mtsinje wina uliwonse wa ng'ona. Njovu ikatambasula makutu, kupukusa mutu kapena kuponda fumbi, ikukuuzani kuti muchoke, ndipo yaikazi yokhala ndi mwana kapena yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu iyenera kupatsidwa mtunda waukulu. Anthu a m'midzi yozungulira Kasungu, kumbali ya Malawi ndi ya Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi miyoyo yotayika kuyambira pamene njovu 263 zinasamutsidwirako mu 2022, ndipo munthu wokonda nyama ayenera kuwamvera akamalankhula. Njovu zikalowa m'mudzi si nthawi yothamangira kukajambula, koma yodziwitsa a zanyama ndi kusonkhanitsa ana m'nyumba. Mukakumana ndi nyalugwe kapena fisi musathamange, koma imani pamodzi, nyamulani mwana ngati alipo, ndipo mubwerere chafutambuyo pang'onopang'ono. Anyani ndi apusi musawapatse chakudya, chifukwa ozolowera amayamba kulanda ndi kuluma.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangokhala phee podalira mawanga ake, n'chifukwa chake iluma anthu ambiri. Yang'anani pamene mukuponda, kwerani pamwamba pa chipika musanatsikire kuseri kwake, ndipo musapise dzanja m'una kapena m'mphako. Munthu akalumidwa musacheke bala, musayamwe ndiponso musamange chingwe chothina. Muvuleni mphete ndi zibangili, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo mupite naye kuchipatala mwamsanga. Njoka ikamulavulira m'maso, mutsukeni ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali musananyamuke. Nkhandwe, fisi kapena nyama ina yakutchire imene ikuyenda masana mosaopa anthu ikhoza kukhala ndi chiwewe. Ikaluma kapena kukanda munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndipo mukalandire katemera tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka munthu sachira. Mukabwerako kutchire fufuzani nkhupakupa m'thupi lonse.

Chachisanu ndi chinayi: lembani zimene mwaona, ndipo musatole nyama

Tsiku lomwelo lembani deti, nthawi, malo, nyengo, chimene mwaona ndi chimene chinkachita. Ngati simukuchidziwa dzina, fotokozani kukula kwake pochiyerekeza ndi chinthu chodziwika, monga njiwa, mphaka kapena mbuzi, kenako mukafunse achikulire a m'deralo. Lembani maina onse amene angakuuzeni, chifukwa nyama imodzi imatchulidwa mosiyana ku Dedza, ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndipo maina ena akutha pamodzi ndi anthu amene amawadziwa. Amene ali ndi intaneti angaike zithunzi pa tsamba la iNaturalist kapena mndandanda wa mbalame pa tsamba la eBird, kumene ena amathandiza kuzindikira mtundu, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi ndi makalabu a m'sukulu amene mungayende nawo. Malo enieni amene mwaona nyama yosakidwa kwambiri musawalengeze pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp.

Mwiri kapena nyenga akamagwira nkhuku, tsekani mipata ya khola ndi waya wa timaso tating'ono ndipo mulikweze pamwamba. Kuthira tameki panyama kumapha agalu, akadzidzi ndi china chilichonse chodya nyamayo kapena mtembo wake, ndipo kumaika ana pangozi. Mwana wa gwape kapena wa mbawala amene mwamupeza atagona yekha m'udzu sanatayike, pakuti mayi ake amamubisa dala n'kumabwera kudzamuyamwitsa, motero muchokepo osamukhudza. Ngaka, imene m'madera ena kale ankaipereka kwa mfumu, lero ndi imodzi mwa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo malamulo a zanyama zakutchire amene anakhwimitsidwa mu 2017 amalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotere. Mukaiona itadzipinda ngati nkhata, isiyeni pomwepo, thamangitsani agalu, ndipo musaitane khamu la anthu. Ngati nyama yavulala, yakodwa mumsampha kapena ikugulitsidwa m'mbali mwa msewu, musaigule poganiza kuti mukuipulumutsa, chifukwa ndalamayo imabweza wogulitsayo kutchire kukagwira ina. Dziwitsani ofesi ya boma yoona za nyama zakutchire imene ili pafupi kapena apolisi, ndipo a Lilongwe Wildlife Centre amalandira nyama zopulumutsidwa zotere n'kuzisamalira mpaka zimene zachira zitabwezedwa kutchire.